Mdzukulu Wanga Anajambula Mzikiti

Sabata lino ndapumula pa nkhani za misewu yokumbika ndi mipopi youma, pakuti m'banja mwanga munabuka mlandu wa mtundu wina. Cimene cinautsa mlanduwo ndico pepala limodzi, kabokosi ka utoto ndi botolo la madzi.

Ndiri ndi mdzukulu wamkazi, mwana wa mwana wanga wacisamba, amene akhala ndi makolo ace ku Chelstone ndipo aphunzira ku sekondale. Mwa maphunziro amene anasankha muli la zojambula. Mwezi wa Okutobala wapitawu aphunzitsi ao anapereka nchito yakuti mwana aliyense asankhe nyumba imodzi ya mu Lusaka muno, apite akakhale patsogolo pace, aiyang'anitsitse, ndipo aijambule ndi utoto wa madzi. Analetsa ndithu kutengera pa foni kapena m'buku. Malikisi a nchitoyo anayenera kulowa m'zotsatira za kumapeto kwa caka, kotero sanali masewera.

Anzace ambiri anathamangira ku chalichi cacikulu ca Holy Cross, cija ca Anglican cimene cinamangidwa mu 1962. Mnyamata wina anasankha FINDECO House, nati nyumba ya nsanjika 23 ifuna rula cabe ndi kudziwa kuwerenga mazenera. Ena anabwera kwathu kuno ku Kabwata kudzajambula nyumba zozungulira za udzu za pa Cultural Village. Ndamva kuti ana awiri atatu a ku Woodlands ndi ku Kabulonga anati adzajambula nyumba za kwao, ndipo ndinadzifunsa ngati aphunzitsi sadzalandira zithunzi za mipanda ndi mageti okhaokha, pakuti ndizo zimene ife oyenda pansi tiona kumeneko.

Wanga anasankha mzikiti umene uli kumbali ya Kamwala. Nditamfunsa cifukwa cace anati, "Ambuya, pobwera kwanu basi idzera pomwepo. M'mawa nyumba ija ioneka ya mtundu wina, madzulo ya mtundu winanso. Ndifuna ndidziwe mtundu wace weniweni."

Atate wace anakana. Mkamwini wanga ndi mkulu wa mpingo, munthu wofatsa amene sanandilakwirepo, ndipo sindidzamnyoza m'nyuzi. Anati Zambia ndi dziko la Cikhristu, ndipo m'mzinda wodzala ndi machalichi saona cifukwa cakuti mwana wace akakhale pakhomo pa cipembedzo cina. Ndinabvomera kuti a Frederick Chiluba analengezadi zimenezo mu Disembala 1991, ndi kuti mauwo analowa m'malamulo akulu a dziko mu 1996. Koma ndinamkumbutsanso kuti ciganizo comweco cipitirira ndi kunena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa cikumbumtima ndi cipembedzo cace, ndipo hafu yaciwiriyi anthu aiwala kuiwerenga. Titakambirana nthawi ndinazindikira kuti mantha ace sanali pa malamulo ai. Anaopa maso a anthu: kuti wina wa kumpingo, ali m'basi, adzaona mwana wa mkulu wa mpingo atakhala pa mzikiti, ndipo nkhani idzafika ku Chelstone iye asanafike. Mantha otere sindiwaseka, pakuti lilime la anthu liotcha nyumba. Tinapangana kuti ndidzamperekeza ndine, tidzapita pa Ciweru, ndipo sadzalowa m'nyumba yopemphereramo.

Pano ndiulule zanga. Msewu wa Burma ndauyenda kuyambira masiku a mabasi a UBZ, kucokera ku Kabwata kunka ku tauni ndi kubwerera, zaka zoposa 40. Mukanandiimitsa tsiku lija ndi kundifunsa kuti mzikitiwo uli ndi mazenera otani, kapena khomo lace layang'ana kuti, ndikanangokanda m'mutu. Ndinadziwa kuti ulipo monga mmene munthu adziwira kuti ali ndi msana.

Ulendo woyamba tinaulakwa ponseponse. Tinafika dzuwa liri pamutu, titayamba tadya ndi kuceza. Amene akhala mu Lusaka adziwa kuti kumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana liima pakati penipeni, cifukwa pa malo athu ano lidutsa pamutu kuciyambi kwa Novembala ndiponso kuciyambi kwa Febuluwale. Nthawi imeneyo mthunzi wa munthu ubisala kunsi kwa mapazi ace, ndipo nyumba yoyera ingothwanima osaonetsa ngodya kapena mphako. Mphepo youma inaumitsa utoto usanacoke pa burashi. Pepala linali lopyapyala, ndipo litamwa madzi linakwinyika ngati citumbuwa. Pfumbi la mabasi linamatirira pamene panali ponyowa.

Tinalakwanso cina cacikulu, ndipo wolakwa ndine: sitinaodire. Tinangokhala kunja kwa mpanda monga anthu oyembekeza basi, mwana nayamba kuyeza nyumba ya eni ndi pensulo m'mwamba, diso limodzi atatsinzina. Posacedwa anatulukira mnyamata natifunsa, mwaulemu koma nkhope iri gwa, kuti ndife ayani ndipo tilemba ciani. Sindinamuimbe mlandu. Inenso nditapeza anthu awiri acilendo alikuyeza nyumba yanga ndi pensulo, ndingaitane anansi. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndi imvi zangazi ndinalidya.

Mnyamatayo anakaitana bambo wina wacikulire amene asamala pamalopo. Tinapatsana moni, ndipo Cinyanja cao cinamveka ca kunyanja kwenikweni. Anandiuza kuti atate ao anali Myao wa ku Mangochi, kumene masiku aja kunachedwa Fort Johnston, ndipo anabwera kudzasoka zobvala pa makonde a masitolo. Iwo eni anabadwira muno, ndipo Lusaka amdziwa kuposa ine. Nditafotokoza za nchito ya kusukulu anaseka, napempha kuona pepala. Analiyang'ana nthawi yaitali, nati kwa mwanayo, "Mai, mzikiti uwu ngwokongola ndithu. Koma si wathu uno."

Ananena zoona. Mwanayo anakhala maola awiri patsogolo pa nyumbayo, koma dzanja lace linajambula mzikiti wa m'mutu mwace, uja wa m'mabuku ndi pa TV, wa madenga ambiri obulungira ndi migwalangwa m'mbali, ngati kuti Kamwala ali m'cipululu. Waya wa magetsi anausiya, mpanda anausiya, mtengo umene ulipodi anaudula. Apa ndipo ndinamvetsa nzeru ya aphunzitsi poletsa kutengera. Diso ndi laulesi: likaona cinthu kamodzi liuza mutu kuti lacidziwa, ndipo kuyambira pamenepo munthu aona dzina la cinthuco m'malo mwa cinthu cenicenico. Kodi si momwemonso tionera anansi athu? Tikati "Asilamu" kapena "Amwenye", cithunzi cifika msanga, cokonzeratu, ndipo nthawi zambiri sicicokera pa munthu aliyense amene tinayamba talankhula naye.

Cikhalireco anthu awa sanafike dzulo. Ife a kum'mawa tidziwa kuti amalonda a Cisilamu ocokera ku Gujarat, ku India, anayamba kutsegula masitolo ku Fort Jameson, Chipata wa lero, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo Ayao a ku Nyasaland anabwera ndi cipembedzo comweco pofuna nchito. Likulu la dziko litasamukira ku Lusaka mu 1935, boma la atsamunda linagawa mzinda monga mwa khungu. Azungu anatenga Cairo Road ndi malo okwera, ndipo amalonda a Cimwenye anapatsidwa dera la masitolo limene linachedwa laciwiri, kumene kuli Kamwala. Ndico cifukwa cace nyumba zao zopemphereramo ziri kumbali imeneyo. Amene anagulako yunifomu ya sukulu, citenje kapena mbale za ukwati ku Kamwala, ndipo ndiyesa ndife tonse, wapita pakhomo pao kosawerengeka.

Bambo aja anatiphunzitsanso cina cimene ndinacita naco manyazi. Ine ndinakula ndikumva kuti Asilamu apemphera moyang'ana kum'mawa, ndipo ndinanena zimenezo mokweza kuti ndioneke wodziwa. Anandikonza mofatsa: ayang'ana ku Mecca, ndipo munthu ali mu Lusaka, Mecca ali kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Nditabwerera kunyumba ndinatsegula mapu akale a ana anga, ndipo ndinapeza ziri momwemo. Anatiuza tibwere m'mamawa dzuwa litangotuluka, ndipo anati tingakhale pabwalo m'kati mwa mpanda, pamene pfumbi la msewu silifika kwambiri.

M'kati mwa sabata ndinayenda m'tauni kufuna pepala loyenera. Ndinalowa masitolo asanu, ndipo m'masitolo atatu anandipatsa pepala la makina osindikizira nandiuza kuti pepala ndi pepala. Pamene ndinalipeza, lokhuthala ndi lokhakhala, mtengo wa masamba owerengeka unandikumbutsa thumba la unga. Apa ndiri ndi dandaulo kwa akulu a maphunziro ndi kwa ife makolo. Tilembetsa ana phunziro la zojambula, koma zipangizo zace tiziyesa zoseweretsa, ndipo mwana akapempha utoto timuuza akawerenge masamu. Ciri conco tiiwala kuti mbendera imene tiimirira pa tsiku la ufulu, ndi masitampa ambiri amene tinamata pa makalata opita kumudzi, zinadzera m'manja mwa wojambula, mai Gabriel Ellison, amene anamwalira mu 2017. Tiiwala Henry Tayali, wobadwa mu 1943 ndi kumwalira mu 1987, amene cosema cace ca wophunzira womaliza maphunziro ciima pa yunivesite ya Zambia, ndipo dzina lace liri pa nyumba yoonetseramo zithunzi ku Showgrounds. Koleji ya Evelyn Hone yaphunzitsa aphunzitsi a zojambula zaka zambiri. Koma mphunzitsi wabwino angacite ciani ndi ana 50, maburashi asanu ndi limodzi ndi mapepala ong'amba m'kope?

Utoto wa madzi uli ndi khalidwe lace, ndipo ndinaliphunzira pokhala pambali. Ndi ufa wa mitundu womangidwa ndi utomoni wa mitengo ina ya minga, umene wambiri ucokera ku Sudan. Ndiwo utoto wa apaulendo, cifukwa ulowa m'thumba ndipo uuma msanga. Thomas Baines, amene anafika ku Tete ndi David Livingstone mu 1858 ndi kujambula mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1862, anayenda nao m'katundu wace. Koma ngwosakhululuka. Utoto wa mafuta ukalakwa upaka wina pamwamba, pamene uwu uonetsa zonse ziri kunsi kwace. Uyamba ndi mitundu yopepuka, nudikira iume, nuonjezera yakuda pang'onopang'ono, ndipo njira yobwerera palibe. Pepala uyamba walinyowetsa ndi kulimata pa thabwa usiku, kuti likauma likungike ngati cikopa ca ng'oma.

Cimene cinandidabwitsa koposa ndi ici: woyera sapaka. Mbali yoyera ya cithunzi ndi pepala lenilenilo limene burashi sinakhudze. Tsono wofuna kujambula nyumba yoyera ajambula zonse zoizungulira, thambo, mtengo, nthaka, ndi mithunzi ya m'mazenera ndi kunsi kwa denga, mpaka nyumbayo ituluka yokha pamalo pamene anasiya. Ndinaganiza kuti makolo athu anadziwa kanthu pamene anacha cinthu ici cithunzi, mau a mtundu umodzi ndi mthunzi.

Pa Ciweru caciwiri tinafika 6 koloko isanakwane, ine nditanyamula thabwa ndi botolo. Bambo aja anatiturutsira mipando iwiri. Dzuwa linalasa cipupa ca kum'mawa, ndipo mbali zina zinakhala mumthunzi. Mwanayo anakhala cete nthawi yaitali osagwira burashi, mpaka ndinayesa wagona. Kenaka anati, "Ambuya, mthunzi uja suli wakuda. Yang'anani bwino." Ndinayang'ana, ndipo poyamba ndinaona wakuda basi. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Patapita kanthawi ndinaona kuti pamwamba unatenga mtundu wa thambo, ndipo m'munsi unafiirira cifukwa ca dothi la pabwalo limene linabweza kuwala. Nkhalamba ya zaka zanga kuphunzitsidwa mtundu wa mthunzi ndi kamwana kamene ndinakanyamula kali m'cikuta! Nthawi iyi anaika zonse, waya wa magetsi, mpopi wa madzi pamene anthu asamba manja, nkhope ndi mapazi asanapemphere, ngakhale banga la mvula yakale pa cipupa.

Masana atayandikira anthu anayamba kufika ku pemphero, limodzi la asanu a tsiku ndi tsiku. Mwanayo anafuna kuikamo anthu kuti cithunzi cikhale ndi moyo, ndipo nthawi iyi anayamba wafunsa. Bambo aja anati nyumba aijambule mmene afunira, koma nkhope za anthu opemphera azisiye, pakuti ena sangakondwe, ndiponso mwambo wao sukometsera nyumba ya mapemphero ndi zithunzi za anthu kapena nyama, koma ndi malembo ndi mizere yolukana. Mwanayo anakhumudwa pang'ono. Ndiye maso ace anagwa pakhomo, pamene anthu anabvula nsapato. Panali mapatapata odyeka ku cidendene, panali nsapato zacikopa zonyezimira za munthu amene anatsika m'galimoto yaikulu, majombo a womanga nyumba ali ndi simenti, ndi tinsapato ta mwana tosiyidwa tina apa tina apo. Zonse zinasanganikirana, zopanda wozisankha kuti izi nza bwana, izi nza wanchito. Anazijambula ndi nsonga ya burashi, timadontho tabe ndi timizere, koma aliyense woona cithunzico adziwa kuti m'katimo muli anthu.

Tsoka linagwa pa Ciweru cacitatu, pomaliza thambo. Mitambo inali itasonkhana kuyambira m'mawa, ndipo ife tinaikondwerera cifukwa inakometsa cithunzi. Mwadzidzidzi madontho akuluakulu a mvula yoyamba anagwa, atatu mwa iwo pa pepala lonyowa, ndipo utoto unathawa malo amenewo nusiya mabanga ngati maluwa. Mwanayo anafuna kufufuta ndi nsalu. Bambo aja, amene sanagwirepo burashi moyo wao wonse, anamgwira dzanja la malaya nati, "Lekani, mai, mungaonjeze." Analira njira yonse ya ku Kabwata. Ine ndinasowa comtonthozera koma kumuuza kuti madzi akatayika saoleka, mau amene sanatonthozepo munthu ndi kale lomwe. Nthawi yoyambanso panalibe, pepala linatsala limodzi, kotero anapereka cithunzico ndi mabanga ace.

Aphunzitsi anampatsa malikisi abwino, ngakhale si oposa onse. Analemba kumbuyo kuti mithunzi njabwino, nsapato nzabwino koposa, koma nsanja yapendekeka kumanzere. Za mabanga a mvula sananene kanthu. Mnyamata wa FINDECO uja anamposa, ndipo ndamva kuti mazenera ace anali owongoka onse.

Cithunzico citabwera kunyumba, mkamwini wanga anacitenga nacipenya ataimirira pafupi ndi zenera. Tonse tinakhala cete. Sananene za cipembedzo. Analoza nsapato ina pakhomo paja nafunsa ngati mwini wace ndi munthu wamkulu thupi, pakuti cidendene cinadyeka mbali imodzi monga zicitira zace. Kenaka anati aphunzitsi sananame, nsanja yapendekekadi. Sanalole kuti cipacikidwe m'cipinda cocezera ku Chelstone, kumene a kumpingo asonkhana pa Citatu madzulo, ndipo ine sindinakakamize, pakuti nyumbayo njace. Ciri kwanga ku Kabwata, pakati pa kalendala ndi cithunzi ca malemu akazi anga. Alendo ena acizindikira msanga nanena kuti apita pamenepo tsiku ndi tsiku. Ena afunsa ngati ndi ku Zanzibar.

Tatsala ndi ngongole. Bambo aja anapempha, ngati nkotheka, kuti mwanayo awajambulire cao, cakuti akaonetse adzukulu ao, ndipo iye analonjeza ine ndisanatsegule pakamwa. Pepala linatha. Ndinachula nkhaniyi kwa mwana wanga, osati kwa mwamuna wace, ndipo ndinayamba kuwerengera za penshoni. Pa Cinai foni yanga inalira, ndipo ndinapeza ndalama zocokera kwa mkamwini wanga ndi mau awiri okha: "Za pepala." Sindinamfunse, iyenso sanachulepo kanthu pamene tinaonana.

Tsono pa Ciweru cikudzaci, mvula ikalola, tidzakwera basi yoyamba pa Burma Road. Mwanayo ati nthawi ino nsanja adzayamba waiyeza ndi cingwe comangirira kamwala, monga acitira omanga nyumba. Ine nchito yanga ndi yomwe ija, thabwa ndi botolo la madzi, koma ndaonjezapo ambulera.